Banja likatha, mwana akhala ndi ndani? Nazi zimene lamulo likunena

Kuno kwathu, kuchokera kumidzi ya mbali ya ku Lifupa mpaka pa boma pa Kasungu, nkhani ya banja kutha si yachilendo. Ena amasiyana msika wa ku Chinkhoma ukangotsegulidwa, ndalama za fodya zitalowa m'thumba. Ena amasiyana chifukwa bambo adapita ku Joni ndipo foni idasiya kulira. Ena basi, chikondi chimangozilala. Katundu amagawana tsiku limodzi: uyu njinga, uyu mapoto, uyu matilesi. Koma pamakhala funso limene limakanganitsa anthu zaka ndi zaka. Mwana akhala ndi ndani? Nanga winayo azimuona liti?

Pa magulupu a WhatsApp mumamva mayankho ambirimbiri. Wina akuti mwana ndi wa mayi basi. Wina akuti amene ali ndi ndalama ndiye amawina. Wina akuti akafika zaka 7 bambo akhoza kudzamutenga. Zambiri mwa izi ndi zam'maluwa. Tiyeni tione bwinobwino zimene mwambo umanena, zimene lamulo limanena, ndi khomo loyenera kugogoda zinthu zikavuta.

Mwambo umati chiyani?

Kasungu ndi boma la mitundu yosakanikirana, ndiye mkangano umayambira pomwepo. Kwa Achewa, ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, mlongo wake wa mayi. Pa chikamwini, banja likatha mwamuna amanyamula thumba lake nkubwerera kwawo, ana nkutsala. Akuluakulu amati anapiye amatsata make, satsata tambala. Ngakhale pa chitengwa, pamene mkazi adakakhala kwa mwamuna, ana amawerengedwabe kuti kwawo ndi kwa amayi awo.

Mukamapita cha kumpoto kwa boma lino, kufupi ndi Mzimba, mupeza Atumbuka ndi Angoni amene amalowola. Kumeneko zimatembenuka: malowolo akaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Ndiye onjezerani anthu amene adabwera kudzalima fodya m'maesiteti kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe kapena Mangochi, nkukwatira kapena kukwatiwa konkuno. Banja lotere likatha, agogo akuchimuna amati mwana ndi wathu, amalume akuchikazi amati ndi wathu, aliyense akutchula mwambo wa kwawo, ndipo aliyense akunena zoona pa mwambo wakewo.

Mwambo si woipa ayi. Udapangidwa kuti mwana asasowe kwawo. Koma khoti silifunsa kuti mwana ndi wa mtundu uti. Limafunsa kuti mwanayu akakhala bwino kuti.

Lamulo likuti chiyani?

Pali malamulo atatu amene muyenera kuwadziwa.

Loyamba ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, a chaka cha 1994. Gawo 23 likuti pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, choyamba kuganiziridwa ndi ubwino wa mwanayo. Likutinso mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso wolandira chithandizo kuchokera kwa makolowo, kaya ali pabanja, kaya sadakwatirane, kaya banja lidatha. Gawo 24 likuti mayi ali ndi ufulu wofanana ndi wa bambo pa kusunga ana ndi kupanga ziganizo za kaleredwe kawo. Kuyambira 2017, malamulowa amati mwana ndi munthu aliyense amene sadakwanitse zaka 18.

Lachiwiri ndi Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Ili ndiye lamulo lenileni la nkhani yathuyi. Gawo 8 likuti kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera akhoza kupempha khoti la ana kuti azisunga mwana, kapenanso kuti apatsidwe nthawi yomamuona. Taonani kuti si makolo okha: agogo kapena azakhali amene alera mwana kuyambira ali wakhanda nawonso ali ndi khomo lolowera.

Lachitatu ndi Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015. Lamuloli limavomereza ukwati wa kwa DC, wa ankhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhalenso wongolowana ngati anthu akhalira limodzi zaka zosachepera 5 ndipo khoti lakhutira kuti lidali banja ndithu. Koma pa nkhani ya mwana, mtundu wa ukwati sukusintha kanthu. Mwana wobadwira pa chibwenzi ali ndi ufulu wofanana ndi mwana wobadwira m'banja la ukwati woyera.

Malawi idavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana. Panganoli limanena kuti mwana amene sakukhala ndi kholo limodzi ali ndi ufulu wopitiriza kulumikizana ndi makolo onse awiri, pokhapokha ngati kutero kukumuika pachiopsezo.

Khoti limayang'ana chiyani posankha?

Gawo 8 lomwe lija latchula zinthu zimene majisitireti ayenera kuganizira.

Msinkhu wa mwana. Lamulo limazindikira kuti mwana wamng'ono amafunika kukhala ndi mayi ake. Ndiye ngati mwana akuyamwa kapena adakali wa kumsana, nthawi zambiri amatsala ndi mayi, pokhapokha pali umboni woti mayiyo akumuzunza, amamusiya yekha, kapena sangathe kumusamala. Koma lamulo silidaike chaka chakuti mwana akafika pamenepo azisamukira kwa bambo. Ija ya zaka 7 ndi nkhani ya pa bawo chabe.

Maganizo a mwana. Mwana woti akhoza kulankhula zakukhosi amafunsidwa. Sikuti zimene wanena ndiye chigamulo, koma zimamvedwa. Ndipo musadzavutike kumuloweza mwana zokanena. Anthu amene amagwira ntchito ndi ana tsiku ndi tsiku sachedwa kuzindikira mawu a munthu wamkulu akutuluka pakamwa pa mwana.

Kusalekanitsa ana. Lamulo limafuna kuti ana a bere limodzi akulire pamodzi ngati nkotheka. Zija zomati "iwe tenga anyamata, ine nditenga atsikana" khoti silizikonda. Ana si nkhuku zogawana pa chisudzulo.

Pamwamba pa izi khoti limayang'ana china chilichonse chokhudza moyo wa mwana: amene wakhala akumusamala tsiku ndi tsiku, kutalika kwa mtunda wa kusukulu ndi kuchipatala, ngati pakhomopo pali nkhanza kapena uchidakwa, ngati mwanayo akukagona pabwino. Khoti likhoza kutuma a ofesi ya Social Welfare kuti akaone makomo onse awiri nkulemba lipoti. Kwa ife kuno, funso lina ndi la ntchito: ngati mwana wa zaka 10 akujomba kusukulu kuti azisoka fodya m'chigafa kapena kulondera mbewu kumunda, zimenezo zimamuipitsira kholo limene akukhala nalo.

Nanga ndalama? Apa mvetsetsani. Kukhala ndi galimoto kapena nyumba ya malata sikupatsa munthu mwana. Ngati mayi ndi amene akusamala bwino mwana koma ndi wosauka, yankho la khoti si kumulanda mwanayo, koma kulamula bambo kuti azipereka chithandizo. Chimodzimodzinso amene adalakwa m'banja. Munthu akhoza kukhala mkazi kapena mwamuna wovuta koma nkukhala kholo labwino. Khoti limasiyanitsa ziwirizi.

Azibambo, inunso musagwe mphwayi. Palibe pamene lamulo likuti bambo sangasunge mwana. Ngati ndinu amene mumadziwa tsiku la sikelo, dzina la aphunzitsi ake ndi mankhwala amene amamwa, kanenedwe kanu kukhoti kadzaonetsa okha.

Kuona mwana: ufuluwu ndi wa mwanayo

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mayi amati, "Sunatumize ndalama, mwana sumuona." Bambo amati, "Sundilola kumuona, ndiye situmiza kalikonse." Onse awiri akuona ngati akulanga mnzawo, koma chikwapu chikugwera mwana.

Chithandizo ndi kuonana ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zonse ndi za mwana. Si malonda osinthana. Bambo akasiya kuthandiza, njira ndi kukasuma za chithandizo, osati kutseka chitseko. Mayi akakaniza mwana, njira ndi kukapempha khoti nthawi yoonana naye, osati kuumitsa dzanja. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Banja limatha, koma ubambo ndi umayi sumatha.

Chigamulo kapena mgwirizano wabwino umatchula zinthu momveka. Mawu oti "azibwera akafuna" ndi amene amabweretsa ndewu mawa. Gwirizanani masiku enieni: Loweruka liti pa mwezi, holide iti, Khirisimasi kapena Eid chaka chino kwa ndani. Gwirizanani malo operekerana mwana. Ngati inu awiri simuonana ndi diso labwino, pakhale kwa agogo, kwa nkhoswe kapena kwa amfumu. Gwirizanani za thiransipoti, poti kuchoka kumidzi ya kufupi ndi nkhalango kufika pa boma ndi ulendo wolipira kabaza kapena matola, ndipo nthawi ya dzinja msewu umavuta. Ngati kholo lina lili ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ikani tsiku ndi ola loimbirana foni, ndipo mayunitsi kapena bandulo adziwike kuti agula ndani.

Pali nthawi imene khoti limachepetsa kapena kuletsa kuonana: ngati khololo limamenya mwana, limabwera litaledzera, kapena pali chikaiko cha kugwiririra. Nthawi zina limalamula kuti azionana pali munthu wina wamkulu. Ngati nkhanza ndi zimene zidathetsa banja, lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limalola kupempha chikalata cha khoti choletsa wankhanzayo kukuyandikirani. Musadzikakamize kukumana ndi munthu amene mukumuopa chifukwa choti "ndi bambo wa mwana".

Chithandizo: nanga ngati ndalama zimabwera kamodzi pa chaka?

Udindo wolera mwana ndi wa makolo onse awiri, aliyense molingana ndi mphamvu zake. Poika mlingo, khoti limayang'ana zimene aliyense amapeza, chuma chimene ali nacho, ana ena amene akuwasamala, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala. Chithandizo si phala lokha: ndi chakudya, zovala, pogona, sukulu ndi chipatala.

Vuto la kuno ndi loti ambiri sitilandira pa mwezi. Mlimi wa fodya amaona ndalama mabelo akagulidwa, kuyambira cha mu Epulo kupita m'miyezi yachisanu, ndipo ikamafika Januwale ndi Febuluwale m'thumba muli mbee. Ndiye bambo akalonjeza ndalama mwezi ndi mwezi pofuna kuoneka bwino pamaso pa majisitireti, miyezi ya njala ikafika amasowa, mkangano nkuyambiranso. Nenani zoona kukhoti za mmene ndalama zanu zimabwerera, ndipo pemphani kuti kaperekedwe kake katsate nyengo: gawo lalikulu fodya kapena soya akagulitsidwa, matumba a chimanga nthawi yokolola, fizi ndi yunifomu teremu isanayambe. Amayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndi bwino kugwirizana zolandira nthawi imene ndalama zilipo kusiyana ndi kudikira lonjezo la mwezi wa njala.

Sungani umboni. Mukatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, meseji ija musafufute. Mukapereka matumba a chimanga, pakhale mboni kapena kope losainirana. Mukalipira fizi, risiti isungidwe. Izi zimateteza onse awiri: wopereka asanamiziridwe kuti sathandiza, wolandira asanamiziridwe kuti adadya ndalama.

Khoti likalamula ndipo munthu akungonyozera, bwererani kukhoti komweko. Kunyozera chigamulo cha khoti ndi mlandu, ndipo munthu akhoza kumangidwa nawo. Dziwaninso kuti pa ukwati wa ankhoswe wa kuchikazi, makhoti amalamula mwamuna kumangira mkazi nyumba kwawo kapena kupereka ndalama zake, ndipo nthawi zambiri nyumba imeneyo ndi imene anawo amakuliramo.

Bambo akakana kuti mwana si wake

Zimachitika, makamaka pa zibwenzi. Lamulo la 2010 lija limalola kupempha khoti kuti ligamule kholo la mwana. Khoti limayang'ana ngati dzina la bamboyo lidalembedwa m'kaundula wa kubadwa, ngati adachita miyambo imene bambo amachitira mwana, ngati adavomerapo pagulu kuti mwana ndi wake, ndipo likhoza kulamula kuyezetsa kuchipatala. Kukana kuyezetsa nako khoti limakuwerengera. Nchifukwa chake chiphaso cha kubadwa cha ku NRB ndi chofunika; musachedwe nacho. Lamulo la 2015 limanenanso kuti mwamuna amene wavomera mimba, kapena amene khoti lapeza kuti ndi mwini mimba, ayenera kusamala mayiyo pa nthawi ya pakati ndi kulipira zofunika pobereka, ngakhale sadakwatirane.

Muyambire pati?

Choyamba ndi kukambirana. Ankhoswe adalipo poyamba banja, akhaleponso pokonza za ana. Akalephera, amfumu kapena akuluakulu a mpingo amathandiza. Zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asaine, aliyense atenge pepala lake. Koma dziwani malire ake: ankhoswe ndi mafumu amayanjanitsa, sagamula ngati khoti. Wina akaphwanya mgwirizano wa pabwalo la amfumu, apolisi sangaukakamize ngati mmene angachitire ndi chigamulo cha majisitireti.

Chachiwiri ndi ofesi ya Social Welfare pa boma, kapena alangizi oteteza ana amene amapezeka m'madera a mafumu aakulu. Iwowa amaitana mbali zonse ziwiri, amayanjanitsa, ndipo zikakanika amakulozerani kukhoti. Ngati pali nkhanza kapena mwana wabisidwa, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi.

Chachitatu ndi khoti la majisitireti, limene limakhalanso ngati khoti la ana. Simufunika loya kuti musume. Mumafotokozera kalaliki wa khoti nkhani yanu, amatsegula fayilo, ndipo winayo amalandira chisamani. Tengani chiphaso chanu cha unzika, chiphaso cha kubadwa cha mwana kapena buku lake la kuchipatala, malipoti a kusukulu, marisiti, ndi mboni zodziwa mmene mwanayo wakhala akuleredwera. Ndalama iliyonse imene mwalipira kukhoti, funsani risiti ya boma. Ngati nkhani ndi yovuta ndipo mulibe ndalama za loya, a Legal Aid Bureau adakhazikitsidwira anthu ngati inu. Ngati simukukhutira ndi chigamulo, mukhoza kuchita apilo ku High Court, koma musazengereze chifukwa apilo ili ndi masiku ake.

Kutenga mwana mwakuba

Wina amapita kusukulu nthawi yoweruka, kumunyengerera mwana ndi fanta, nkukwera naye minibasi. Wina amati "ndikungopita naye ku holide" osabwereranso. Abale, kubereka mwana sikukupatsani chilolezo chochita izi. Lamulo la 2010 limati kutenga, kusunga kapena kubisa mwana popanda chilolezo cha kholo kapena munthu amene akumusunga mwalamulo ndi mlandu waukulu wopita nawo kundende. Ndipo tsiku limene mudzaime pamaso pa majisitireti kupempha mwanayo, khalidwe limeneli lidzakutsutsani.

Kuno nkhaniyi ndi yoopsa kwambiri chifukwa Zambia ndi pafupi. Kuseri kwa nkhalango ya Kasungu ndi dziko lina, ndipo ambiri tili ndi abale ku Lundazi ndi ku Chipata. Mwana akangodutsa malire, chigamulo cha majisitireti wa ku Kasungu sichigwira ntchito chokha kumeneko. Pali pangano la maiko la ku Hague la 1980 lothandiza kubweza ana otengedwa mwakuba kupita dziko lina. Zambia ndi South Africa adalowamo, koma Malawi siili m'panganoli, ndiye kubweza mwana kumakhala kovuta ndi kodula. Ngati mukuona zizindikiro zoti mnzanu akufuna kuthawitsa mwana, musadikire: kauzeni apolisi ndi a Social Welfare, ndipo pemphani khoti liletse kuti mwanayo asatuluke m'dziko popanda chilolezo chanu.

Za pa Facebook ndi pa status

Tikudziwa, mtima ukapsa chala chimathamangira foni. Koma kuika chithunzi cha mwana nkulemba kuti "bambo ake a uyu ndi galu" sikubweretsa thumba la chimanga. Milandu ya kukhoti la ana simvedwa pagulu, ndipo lamulo limaletsa kuulutsa dzina kapena chithunzi chimene chingadziwitse anthu mwana wokhudzidwa. Kunyoza kapena kuopseza munthu pa intaneti ndi mlandunso pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ma screenshot amene mukuseka nawo lero akhoza kudzawerengedwa kukhoti. Ndipo mwana uja adzakula, adzakhala ndi foni yake, adzaziona yekha.

Chimodzimodzi pakhomo. Musamutume mwana kukazonda kuti kwa bambo ake kukugona ndani, kapena kuti mayi ake akuyenda ndi ndani. Musamupatse uthenga wa ngongole kuti akanene. Za akuluakulu zithere kwa akuluakulu.

Chigamulo chikhoza kusintha

Chimene khoti lagamula mwana ali ndi zaka 3 sichingakhale choyenera ali ndi zaka 13. Mwana akasankhidwa kupita kusekondale, kholo lina likasamuka, likadwala, ntchito ikatha, kapena mitengo ya zinthu ikakwera moti ndalama ija siikugulanso kanthu, mbali iliyonse ikhoza kubwerera kukhoti kukapempha kuti chigamulo chiunikidwenso. Kukwatiwanso kwa mayi kapena kukwatiranso kwa bambo pakokha sikulanditsa mwana, ndipo sikuchotsa udindo wa chithandizo. Chimene khoti lidzafunse ndi chomwe chija: pakhomo patsopanopo mwanayu akusamalidwa bwanji?

Ngati mwana ali pachiopsezo panopa, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO. Pa nkhani za nkhanza za m'banja, nambala ndi 5600. Ndipo ngati muli ndi mchemwali, mchimwene kapena mnzanu amene akulimbana ndi nkhani ngati iyi, mutumizireni awerenge asadapange chiganizo ali ndi mkwiyo.